Nyumba ili m'mbali mwa phiri? Konzani njira ya madzi mvula isanayambe

Mvula sigwa mofanana paliponse. Mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja yamchere ikagunda phiri imakwera, ikakwera imazizira, ndipo madzi amene yanyamula amakhuthukira pomwepo. N'chifukwa chake kumwera kwa phiri la Mulanje kumagwa mvula yochuluka mpaka tiyi kumera bwino, pamene ku Chikwawa ndi Nsanje imagwa yochepa, chonsecho n'kumene Ruo ndi Shire amakasefukira ndi madzi ochokera kumtunda. Akuluakulu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa m'phiri la Michesi mu Malichi 1991. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe.

Tauni imawonjezera vutoli. Malata, simenti ndi phula sizimwa madzi. Werengani nokha: mamilimita 40 a mvula akagwa pa denga la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, amatulutsa malita 2,000, omwe ndi madiramu 10. Ndi denga limodzi limenelo. Madenga onse a ku Ndirande akakhuthula nthawi imodzi, Mudi amadzaza mwadzidzidzi. Lingadzi anachita zomwezo ku Mtandire mu 2017.

Tsono yambirani pa denga lanu. Ikani magatala, madzi alowe m'diramu kapena m'thanki, otsala muwalondolere ku ngalande, osati pakhomo pa mnansi wa kumunsi. Bwalo musalithire simenti lonse, siyani kapinga.

Apa pali mfundo imene ambiri amasokoneza. Kumunda timalimbikitsa maswele (ngalande zopingasa zosunga madzi) ndi maenje omwetsa madzi pansi, ndipo pamalo osatsetsereka kwambiri zimathandizadi. Koma pamalo otsetsereka kwambiri, kumtunda kwa nyumba, musakumbe dzenje losunga madzi. Dothi likakhuta limalemera, limaterera pamwamba pa thanthwe, n'kutsika lonse. Pamenepo madzi akufunika achoke: kumbani ngalande yopingasa kumtunda kwa nyumba, yotsika pang'onopang'ono, ikathire mumngalande waukulu, ndipo m'mbali mwake mubzale vetiva, udzu umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira dothi. Chimbudzi ndi bafa nazonso zisakhale pamwamba pa chipupa chimene munadula phiri pomanga. Kudula phiri chilili kuti mupeze poloti ine sindikuvomereza n'komwe, chimodzimodzi kukumba miyala kapena kugwetsa mitengo yotsala kumtunda.

Ngalande ndi makalavati zichotsedwe majumbo, mabotolo ndi mchenga mu Okutobala. Ntchitoyi siyotheka munthu mmodzi, choncho kambiranani ndi amfumu ndi komiti ya m'dera kuti mzere wonse ugwire tsiku limodzi, kuyambira kumunsi kukwera kumtunda.

Mvula ikagwa masiku awiri kapena atatu osaleka, zungulirani nyumba m'mawa ndi madzulo. Ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mtengo kapena pholo zopendekeka, chitseko chokana kutsekeka, kasupe wa matope wotumphuka pamene panalibe, zonsezi zikutanthauza kuti dothi layamba kuyenda. Musadikire kuche. Tengani ana, okalamba ndi mapepala ofunika, mupite kusukulu kapena kutchalitchi chimene munagwirizana kale, kutali ndi khwawa. Wailesi ikhale ndi mabatire kuti muzimva machenjezo a nthambi ya zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ngakhale magetsi atathima.