Mmene mungakonzere ulendo wokaona chikhalidwe ku Mua

Munthu amene akufuna kuona miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao pamalo amodzi, osadikira kuti nyengo ya Kulamba kapena ya Umhlangano ifike, angachite bwino kupita ku Mua m'boma la Dedza. Pamishoni ya Akatolika imeneyi, imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902, pali malo otchedwa Kungoni Centre of Culture and Art, amene Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada yemwe anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa mu 1976. Ulendowu ndi wofunika tsiku lathunthu, pakuti wothamanga amangoona zigoba zopachikidwa n'kubwerera asanamve chimene zikunena.

Mua ili pafupi ndi Mtakataka, chakumadzulo pang'ono kwa msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka. Ochokera ku Lilongwe angadzere ku Salima, kapena angatsate M1 mpaka kupitirira Dedza n'kukhotera pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Njira yachiwiriyi ndi yokongola, koma ndi yotsetsereka ndiponso yokhotakhota, choncho woyendetsa aonetsetse kuti mabuleki ali bwino asananyamuke. Oyenda pa minibasi atsike pamphambano ya ku Mua, ndipo kamtunda kotsalako angayende pansi kapena kukwera kabaza. Dziwaninso kuti ngakhale ndi Dedza yemweyo, kuno ndi kunsi kwa mapiri, kufupi ndi nyanja, kotero kuzizira kwa ku Bembeke kulibe. Mu October ndi November kumatentha kwambiri, ndipo miyezi yabwino kuyenda ndi kuyambira May kufika August.

Mukafika, yambani ndi nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ya Chamare, ndipo musalowe nokha popanda wokuperekezani. Musanalowe m'kati, zungulirani kaye panja kuti muone zithunzi zojambulidwa pamakoma, zimene zikufotokoza mbiri ya dziko lino. M'kati muli mbiri ya mishoni, moyo wa Mchewa kuchokera pa kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro, kenaka zishango ndi nthungo za Angoni pamodzi ndi miyambo ya Ayao monga jando ndi nsondo.

Pamene muyenera kukhalitsa ndi pa zigoba za Gule Wamkulu, zimene zilipo zoposa 400. Musangofunsa dzina la chilombo chilichonse, koma funsani kuti chimatuluka pamwambo wanji, chimavina bwanji, ndiponso chimalangiza chiyani. Mukatero mudzaona kuti Chadzunda ndi tate wa zilombo ndipo amaimira ulamuliro wa mfumu, Kasiyamaliro ndi mayi wa onse amene amaperekeza mzimu wa womwalira, pamene Simoni wa nkhope yofiira uja akusonyeza mmene makolo athu ankaonera mzungu. Chigoba cha mano otuluka kapena maso otong'oka sichinasemedwe choncho pofuna kuopseza ana chabe. Nthawi zambiri chimadzudzula umbombo, chiwerewere, ulesi kapena nkhanza za m'banja. Bungwe la UNESCO linazindikira gule ameneyu mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ine ndimaona kuti kholo lililonse lopita ndi ana liyenera kuwasiya afunse okha mafunso pamenepa, chifukwa ambiri a iwo amangodziwa kuthawa gule pamsewu osadziwa kuti ndi mwambo wa malangizo.

Pali malire amene mlendo ayenera kusunga. Za kudambwe ndi za olowa okha, choncho wokuperekezani akayankha mwachidule, musamukakamize. Musakhudze zigoba, ndipo musatulutse foni kuti mujambule musanapemphe chilolezo. Ngati mwakonzeratu ndi eni malo kuti muonere magule, kapena mwakumana ndi gule m'mudzi wapafupi, kumbukirani kuti chimene chikuvinacho ndi chilombo, ndipo kutchula kuti ndi uje ndi mlandu. Patukani m'njira, tsikani panjinga, ndipo pofupa musapereke ndalama m'manja koma ikani pansi. Amayi atenge chitenje m'chikwama, pakuti pabwalo la mfumu chimafunika.

Nkhani ya chakudya iyenera kukonzedwa mmawa mukangofika, chifukwa ndiwo zakwathu sizipsa mwamsanga ngati tchipisi. Kaya mudyera pamalo ogona alendo a Namalikhate pamishoni pomwepo kapena kwa odziwana nawo m'mudzi, nenani poyera kuti mukufuna nsima ya mgaiwa, osati mpunga ndi nkhuku yokazinga imene anthu amaganiza kuti ndiyo yoyenera mlendo. Pemphani nkhwani kapena chigwada chotendera nsinjiro, therere lophika ndi chidulo, ndipo ngati ndi chilimwe funsani mfutso, masamba ofutsa aja amene amayi amayanika nthawi ya dzinja kuti adzathandize ndiwo zikasowa. Popeza nyanja ili pafupi, usipa, utaka kapena chambo sizivuta kupeza. Akakulolani kukhala pafupi ndi mafuwa, onetsetsani mmene mayi amathirira ufa pang'onopang'ono m'phala lobwadamuka, n'kupanikiza mphika ndi phazi kapena kamtengo uku akuvundula ndi mthiko, kufikira aomole mitanda ndi chipande choviika m'madzi. Sambani m'manja akulu atayamba, temani mbamu kumbali yanu, ndipo thobwa la chimera cha mawere likabwera mulandire ndi manja awiri.

Madzulo pitani kumene amisiri amasemera ziboliboli, pakuti ntchito ya Kungoni inayambira pa kuphunzitsa osema, ndipo zosema za ku Mua zili m'matchalitchi ambiri kuno ndi kunja. Tengani ndalama za m'manja zokwanira kulipira polowa, kufupa ovina ndi kugula chosema chimodzi, ndipo ponenerera mtengo muzikumbukira masiku amene mmisiri wakhala akugogoda thabwa limenelo. Amene ali ndi tsiku lachiwiri agone pomwepo, ndipo m'mawa akwere msewu wa ku Golomoti uja kulowera ku Dedza kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zina mwa izo zojambulidwa ndi dothi loyera pa miyambo ya chinamwali ndi ya Nyau.