Mmene ndimayang'anira khungu la mwana wanga Lamlungu madzulo

Achimwene anga ndi achialubino, ndipo mwana wanga wachiwiri nayenso anabadwa choncho. Zimene ndikulembazi anandiphunzitsa ndi kachilonda kamene kanatuluka pamwamba pa khutu la achimwene. Tinkakapaka jivi, kankachita nkhanambo, nkhanambo n'kusupuka, timagazi n'kutuluka, kenako n'kuyambiranso. Chaka chinatha tikuti kapola. Pomwe tinkafika kuchipatala chachikulu, madokotala anachita kudula theka la khutu. Inali khansa ya pakhungu.

Ndiye Lamlungu lililonse, mwana akangosamba kusanade, ndimamukhazika pamkeka pakhonde pomwe pali kuwala kokwanira. Tochi ya pafoni imanamiza maso, musadalire imeneyo. Ndimayambira kumutu: ndimapatula tsitsi ndi zala, kenako makutu, kutsogolo ndi kuseri komwe, chifukwa khutu ndi limene dzuwa limaliwotcha tsiku lonse popanda woliganizira. Ndimatsikira pamphumi, pamphuno, mlomo wam'munsi, kumbuyo kwa khosi, mapewa, mikono ndi kuseri kwa manja. Maso okha sakwanira. Yendetsani chala pang'onopang'ono, chifukwa malo oyamba kuwonongeka amamveka asanaoneke: kamalo kouma, kokhakhala ngati mchenga womatirira pakhungu. Madokotala amati actinic keratosis. Sikanakhale khansa, koma kena kamadzasanduka khansa kakasiyidwa. Apa mankhwala ake ndi ofulumira: amakaumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri wa nitrogen, kamatuwa, kamachita thuza, pakapita masiku kamasupuka. Mwana wanga analira tsiku loyamba, koma tinabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi chilonda chosapola. Lamulo langa ndi ili: chilonda chikatha milungu 4 chisanapole, kapena chikamatuluka magazi pongochikhudza, kapena m'mbali mwake mukatukuka n'kulimba, ndimanyamula buku la kuchipatala. Khansa imene imavutitsa kwambiri anthu achialubino kuno ku Africa ndi squamous cell carcinoma, ija ya achimwene. Imadya mnofu ndipo ikachedwa imatha kufalikira kumwanabere wa m'khosi. Pali inanso, basal cell carcinoma, imene imayamba ngati kachotupa konyezimira, kawirikawiri kumaso. Imeneyi imakula pang'onopang'ono ndipo sikonda kufalikira kutali, koma imakumba pamalo pomwepo mpaka kuwononga mphuno kapena chikope. Ndikapeza kanthu kachilendo ndimakajambula pafoni nditaika khobidi pambali pake, kuti sabata yamawa ndidziwe ngati kakula. Mtima wa mayi umakonda kunena kuti kali chimodzimodzi.

Kuteteza ndiye ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo ndi yotopetsa, ndisakunamizeni. Mafuta oteteza ku dzuwa akhale olembedwa SPF 30 kapena kuposa (nambalayi imasonyeza mphamvu yake yoteteza), ife timafuna a 50. Apakeni mwana asanatuluke m'nyumba, osaumira, ndipo abwerezenso pakatha maola 2 ngati ali panja kapena watuluka thukuta. Ngakhale kunja kuli mitambo, apake. Mafutawa amaperekedwa ulere m'zipatala za boma, koma ine ndabwererapo chimanjamanja kangapo atandiuza kuti atha. N'chifukwa chake ndimadalira kwambiri zovala: malaya a manja aatali a nsalu yothithikana, buluku lalitali, ndi chipewa cha khonde lalikulu kuzungulira mutu wonse. Kapu imasiya makutu ndi khosi pamtunda. Chipewa cha mlaza chikakhala cholukidwa motayana, dzuwa limadutsa m'mipata. Ndinachita kusokerera nsalu mkati mwake. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, makamaka mu Okutobala, mwana akhale pamthunzi. Kutunga madzi ndi kukathirira kudimba amapita m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Ndinapitanso kusukulu kukapempha aphunzitsi aakulu kuti azivala chipewa pa asembule ndiponso malaya aatali m'malo mwa yunifolomu ya manja aafupi, ndipo anavomera.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno, choncho simuli nokha. Funsani a bungwe la anthu achialubino la APAM m'boma lanu kapena alangizi a zaumoyo kuti akuuzeni tsiku limene oona za khungu amabwera. Bungwe la Standing Voice nalonso limachititsa makiliniki otere m'maboma ena.

Inu a khungu lakuda, musati izi n'za alubino okha. Ndikamaliza mwana, ndimayang'ananso mapazi a amayi anga. Khansa yoopsa kwambiri, melanoma, mwa ife imakonda kutulukira kuphazi, pachikhatho kapena pansi pa chikhadabo, malo amene dzuwa silifikako n'komwe. Imaoneka ngati banga lakuda lokula, losalongosoka m'mbali, kapena mzere wakuda pachikhadabo womwe ukunka nukula. Woyimba Bob Marley anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36, itayambira pansi pa chikhadabo cha chala chakuphazi. Chipsera chakale cha moto chikatsegukanso n'kukana kupola, nachonso chimatha kukhala khansa. Ndipo mawanga akuda kapena ofiirira otukuka pamiyendo kapena m'kamwa, nthawi zina mwendo n'kutupa, akhoza kukhala Kaposi sarcoma, imene imagwira kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Imeneyi amachiza ndi ma ARV, ikakula amawonjezera mankhwala amphamvu opha khansa otchedwa chemotherapy.

Mukafika kuchipatala, nenani mosazungulira kuti chilondachi chatha nthawi yaitali bwanji, ndipo onetsani zithunzi zija. Akakupatsani mankhwala opaka koma osasintha, bwererani, pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma lanu kapena chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko amadula kachidutswa kakang'ono n'kukakayeza, ndipo ndi kuyeza kumeneku kokha komwe kumatsimikiza. Anthu ena anatiopseza kuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imalusa, tinataya miyezi chifukwa cha mawu amenewo. Musateme mphini pachilonda, musathirepo phulusa kapena mankhwala azitsamba owotcha. Ikapezeka ikadali yaing'ono, opaleshoni yochotsa chotupacho ndi kachikopa kozungulira nthawi zambiri imakwanira. Ikakula pamafunika kumezanitsa khungu, kuiwotcha ndi cheza cha makina (radiotherapy) kapena chemotherapy, ndipo ulendo wake ndi wautali ndi wodula.

Musanatuluke, funsani tsiku lodzamva zotsatira ndipo alembe m'buku. Achimwene amapitabe kukaonedwa miyezi 6 iliyonse, chifukwa amene anadwalapo kamodzi imatha kuwatulukiranso pena. Ulendo wathawu anawaumitsa timalo tiwiri kuseri kwa dzanja lamanja, limene amagwirira nsalu pamakina awo osokera.