Mowa wa ku Japan: kudziwa kumene unafululidwira ndi kuuyesa musanawononge ndalama

Kuno ku Mangochi dziko la Japan timalidziwa kwambiri chifukwa cha magalimoto amene amadutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi tsiku ndi tsiku, koma mowa wake umafika mwa apo ndi apo, mwina m'chikwama cha m'bale wochokera ku Johannesburg, mwinanso m'galimoto ya mwini malo ogona alendo amene wakagula katundu mumzinda. Munthu akaona dzina la Asahi, Sapporo kapena Kirin pa botolo amangoti mowawo wawoloka nyanja kuchokera ku Japan, ndipo amalipira mosanyinyirika. Nthawi zambiri sizikhala choncho, pakuti mowa wambiri wa mayina amenewa umene umagulitsidwa kunja kwa Japan umafululidwira m'mayiko ena.

Ife Amalawi nkhaniyi si yachilendo. Fakitale ya Carlsberg imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 inali yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark, ndipo ngakhale kampani ya Castel inatenga ulamuliro wake mu 2016, palibe amene amamwa Green n'kumaganiza kuti botololo lachokera ku Copenhagen. Dzina ndi ndondomeko ya kafululidwe n'zachilendo, koma madzi, manja ndi ulendo wa botolo n'zakonkuno. Makampani a ku Japan amachita chimodzimodzi. Asahi inagula Peroni ya ku Italy mu 2016, ndipo Asahi Super Dry wogulitsidwa ku Ulaya wambiri amafululidwira ku Italy komweko. Sapporo, imene inayambira pa chilumba cha Hokkaido mu 1876, inagula kampani ya Sleeman ya ku Canada mu 2006 n'kumafulula mowa wake mumzinda wa Guelph, ndipo ilinso ndi fakitale ku Long An m'dziko la Vietnam. Choncho botolo limene lafika pa tebulo panu ku Monkey Bay likhoza kukhala kuti silinapondeko ku Japan n'kamodzi komwe.

Ntchito yoyamba ndi kutembenuza botolo kapena chitini n'kuwerenga malembo ang'onoang'ono a kumbuyo. Kutsogolo kumakhala dzina lalikulu ndi zilembo za Chijapani zokopa maso, pamene choonadi chimabisala kumbuyo, pa mzere wonena za amene anafulula ndi dziko limene anafululira. Mukapeza mawu achingerezi akuti "brewed under licence" kapena "under supervision of", dziwani kuti mowawo unapangidwa kunja kwa Japan ndi chilolezo cha eni dzina. Chenjerani ndi mawu akuti "imported", chifukwa amangotanthauza kuti mowawo wachokera kunja kwa dziko limene ukugulitsidwa, ndipo mowa wa ku Canada wogulitsidwa ku America umayenera mawuwa bwinobwino popanda bodza lililonse. Manambala a pansi pa timizere timene amawerengera mtengo pa makina angakuthandizeniko pang'ono: oyamba ndi 45 kapena 49 ndi a makampani olembetsedwa ku Japan, oyamba ndi 80 mpaka 83 ndi a ku Italy, 893 ndi a ku Vietnam, ndipo 600 ndi 601 ndi a ku South Africa. Komabe manambalawa amasonyeza kumene kampani inalembetsa katunduyo, osati kumene kunaphikidwira chimera, choncho muwatenge ngati mboni yachiwiri chabe.

Mowa wopangidwira msika wa ku Japan weniweniwo umadziwika msanga. Pafupifupi zonse zimalembedwa m'Chijapani, ndipo ogulitsa kunja amamatapo kapepala kachingerezi pamwamba. Zitini zake zimakhala za mamililita 350 kapena 500, ndipo botolo lalikulu ndi la mamililita 633, muyeso umene simuupeza pa mabotolo a kwathu. Pali zizindikiro ziwiri zimene muyenera kuziloweza. Choyamba ndi 生, chimene amachiwerenga kuti "nama", kutanthauza mowa umene sunatenthetsedwe pofuna kupha tizilombo koma unangosefedwa mosamala kwambiri. Chachiwiri ndi 発泡酒, "happoshu", ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Boma la Japan kwa zaka zambiri lakhala likudula msonkho wa mowa potengera kuchuluka kwa chimera cha balele, ndiye makampani anayamba kufulula chakumwa chooneka ngati mowa koma cha chimera chochepa kuti chitsike mtengo. Mpaka 2018 lamulo linkafuna kuti chimera chifike magawo 67 pa 100 alionse kuti chakumwa chitchedwe mowa, ndipo chaka chimenecho anatsitsa mpaka 50. Happoshu si woipa, koma ndi wopepuka pakamwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kumugula pa mtengo wa mowa wapamwamba chifukwa chongoona zilembo zachilendo.

Mukadziwa dziko, yang'anani tsiku. Kwa ine ili ndi gawo lofunika kuposa onse, ngakhale ambiri amalilumpha. Pa chitini tsiku lothera ntchito limadindidwa kunsi, ndipo a ku Japan amayamba ndi chaka, kenako mwezi. Mowa wa mtundu wa lager, ngati Green ndi Super Dry, sukoma ndi kukalamba ngati vinyo. Umayamba kutsika kuyambira tsiku limene watsekeredwa, ndipo kutentha kumafulumizitsa kutsikako. Ganizirani ulendo wake: masabata angapo pa sitima ya pamadzi, masiku ena pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako pa lole mpaka ku Blantyre kapena Lilongwe, ndiyeno msewu wotsikira kunyanja kuno kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 35. Mowa ngati Super Dry, umene unatulutsidwa mu 1987 ndi cholinga choti ukhale wosatsekemera ndi wosakhalitsa pa lilime, ulibe kakomedwe kamphamvu kobisira chilema. Ukangoguga pang'ono umanunkha ngati katoni yonyowa, ndipo thovu lake limagwa musanamalize kuthira. Mowa wakuda wa chimera chokazinga umapirira ulendo wotere, koma wopepukawu ayi. N'chifukwa chake ndimati pakati pa chitini chochokera ku Japan chimene chatsala mwezi umodzi kuti chithe ntchito ndi botolo la dzina lomwelo lofululidwa ku Italy miyezi iwiri yapitayo, sankhani la ku Italy mosakayika.

Mukagula, musasiye katoni kumbuyo kwa galimoto padzuwa pamene inu mukudya chambo pa Makawa. Kuwala kwa dzuwa kumasintha hops, zitsamba zimene zimapatsa mowa kuwawa kwake, ndipo mowawo umatulutsa fungo loipa m'kanthawi kochepa. Botolo la bulawuni limatchinga bwino kuposa lobiriwira, ndipo chitini chimatchinga kuposa onse. Kunyumba usungeni moimika, pamalo amdima, makamaka mufiriji. Magetsi akazima musamatsegule firiji pafupipafupi, ndipo ngati kuzimako kukutalika, chigubu chozizira chokhala ndi ayezi wa ogulitsa nsomba chimagwira ntchito yomweyo.

Tsopano kuyesa kwenikweni. Kulawa mukuona dzina n'kudzinamiza, chifukwa munthu amene walipira ndalama zambiri lilime lake limayamba kale kukondera. Konzani mitundu itatu: wa ku Japan ngati mwaupeza, wa dzina lomwelo wofululidwa kwina, ndi lager wa ku Blantyre ngati Green kapena Kuche Kuche. Yonse igone mufiriji imodzi usiku wonse kuti kuzizira kufanane, pakati pa madigiri 4 ndi 8, pakuti mowa wozizira mopitirira umapha lilime ndipo yonse imakoma mofanana. Matambula akhale ofanana, otsukidwa bwino ndi kuumitsidwa ndi mphepo, chifukwa mafuta ngakhale ochepa amapha thovu. Mnzanu athire inu muli kunja, alembe manambala kunsi kwa matambula, ndipo asakuuzeni kanthu mpaka mutamaliza. Yambani ndi kununkhiza, kenako mwani pang'ono n'kudikira kuti mumve zimene zatsala pakhosi mutameza, ndipo pakati pa tambula ina ndi inzake tsukani mkamwa ndi madzi.

Dziwaninso chimene mukufuna mu mtundu uliwonse, kuopa kuudzudzula pa chinthu chimene eni ake anachita dala. Mu Super Dry muli mpunga ndi chimanga pambali pa chimera cha balele, ndipo yisiti yake imadya shuga wambiri, n'chifukwa chake kutsekemera kumatha msanga. Kirin Ichiban, amene anatuluka mu 1990, amapangidwa ndi madzi oyamba okha otsika pa chimera chophikidwa, osaonjezera otsukuluza kachiwiri. Amene anaonapo amayi akusefa mowa wamasese akudziwa kuti oyamba ndiwo amakhala okhathamira. Yebisu, dzina la Sapporo lochokera mu 1890, ndi wa chimera chokhachokha ndipo ndi wolemerako pakamwa. Kusiyana kwa wa ku Japan ndi wa chilolezo, onse akakhala atsopano, kumakhala kochepa kwambiri kotero kuti anthu ambiri amalephera kuloza, ngakhale madzi, chimera ndi makina a mafakitale awiriwo n'zosiyana. Kusiyana kwakukulu kumene mungamve ndi kwa msinkhu wa mowawo ndi kasungidwe kake, ndipo pamenepo mowa wa ku Blantyre, umene wangoyenda makilomita osafika 200, umayamba mpikisano uli kale patsogolo.

Pothira, a ku Japan sathawa thovu ngati mmene timachitira ife pofuna kudzaza tambula mpaka kukamwa. Amafuna magawo 7 a mowa ndi 3 a thovu, poti thovulo limakhala ngati chivundikiro chotchinga mpweya. Thirani koyamba mwamphamvu kuti thovu likwere, dikirani litsike, kenako onjezerani pang'onopang'ono kawiri. Ali ndi mwambonso woti munthu sadzithirira yekha koma amathirira mnzake, ndipo onse amayamba limodzi atanena kuti "kanpai". Mowa wosatsekemera ngati Super Dry umagwirizana ndi chakudya cha nsomba, ndiye kuno uli pakwawo: umayenda bwino ndi chambo chowotcha, usipa wokazinga wothira mchere ndi ndimu, ngakhalenso kampango wamafuta, chifukwa umatsuka mafutawo mkamwa.

Ku Japan lamulo limalola mowa kuyambira zaka 20, pamene kwathu ndi 18, ndipo amene akuyendetsa galimoto pobwerera asalawe nawo. Popeza m'boma lathu lino muli abale ambiri achisilamu amene samwa, kuyesa kotereku muchitire kunyumba kapena pamalo ovomerezeka, ndipo musanaitane munthu yambani mwadziwa ngati amamwa. Ngati ndinu mwini malo ogona alendo ndipo mukufuna kuika mowa wa ku Japan pa mndandanda wa zakumwa, gulani katoni imodzi yokha poyamba, sankhani zitini m'malo mwa mabotolo, ndipo pambali pa dzina ndi mtengo lembanipo dziko limene mowawo unafululidwira.