Ochita lendi atasowa, nyumba yanga ndinaitenganso motere

Banja lomwe linkachita lendi m'nyumba yanga ku Area 25 linasowa osatsanzika. Miyezi iwiri osalipira, foni osapezeka, loko wawo ali pachitseko. Mtima unkandiuza kuti ndingothyola, koma ndinaopa: katundu akasowa, wakuba ndikhala ine.

Ndinamata kalata pachitseko yowapatsa masiku 30, n'kukadziwitsa amfumu ndi apolisi. Tsiku litakwana tinatsegula pamaso pa amfumu ndi aneba awiri. Chilichonse tinalemba, ngakhale zipande ndi mithiko, n'kujambula pafoni, onse anasayina. Zinandikhudza kuona yunifolomu ya mwana ili pachingwe. Katunduyo ndinasunga m'chipinda chokiya.

Patatha masabata atatu kunabwera achimwene a bamboyo. Bilu ya madzi tinachotsa pa dipoziti, za lendi yotsala tinalemberana pamaso pa amfumu omwewo.