Thandizo la ophunzira osauka lisathere pa fizi yokha

Ngati mwaganiza zothandiza ophunzira ochokera m'mabanja osauka kuti akafike ku koleji, musangoyang'ana fizi yokha, chifukwa ndalama yolembetsera, yoyendera, ya malo ogona ndi ya mabuku ndi imene imagwetsa mphwayi ambiri. Ndi bwino kupereka pang'ono mwezi uliwonse kusiyana ndi kupereka zambiri kamodzi kenako n'kusowa. Musanapereke kudzera ku bungwe, funsani kuti mwa ophunzira amene linawathandiza ndi angati anamaliza maphunziro awo, osati amene anangoyamba chabe.

Amene mulibe ndalama mungathe kupereka nthawi yanu. Khalani pansi ndi wophunzira amene kwawo palibe anafikako ku koleji, mumuthandize kudzaza mafomu tsiku lomaliza lisanakwane, ndipo akapeza malo muzimuimbira foni m'chaka choyamba, pamene ambiri amafooka.