Galimoto Ikalemba Kuti "Check Injection", Musathamangire Kugula Mainjekita

Uthenga wa "Check Injection" kapena "Injection Fault" umaoneka kwambiri pa magalimoto a Renault, monga Clio, Megane ndi Duster. Pa magalimoto ochokera ku Japan amene adzaza m'misewu yathu, a Vitz, Sienta, Note ndi Demio, vuto lomwelo limabwera ngati nyali yachikasu yooneka ngati kainjini. Ine ntchito yanga ndi ya zamagetsi a galimoto, ndipo anthu ambiri amafika pagalaja atagula kale mainjekita anayi (tizipangizo topopera mafuta mu injini), ndalama zatha, nyali ikadayakabe. Kompyuta ya galimoto imaunjika zinthu zambiri pansi pa chenjezo limeneli: mafuta, mpweya, mapulagi, masensa, mawaya, ngakhale batire. Injekita ndi imodzi chabe mwa zoganiziridwa, ndipo mwa zonsezi ndiyo yodula.

Yambani n'kuona mmene nyaliyo ikuyakira. Ngati yangoyaka phee, injini ikuyenda bwinobwino, mutha kuyendetsa pang'onopang'ono mpaka kunyumba kapena kugalaja. Ngati ikuthwanima, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, ndipo petulo wosapsayo akukapsera mu catalytic converter, chipangizo chosefa utsi cha pa ekisozi chimene mtengo wake umaliritsa. Imani. Pa Renault, pakayakanso mawu ofiira oti STOP, zimitsani injini pomwepo. Galimoto ikangofooka, mukuponda moto koma osathamanga, musadabwe: kompyuta yachepetsa mphamvu dala kuti injini isaonongeke.

Musanagwire sipanala, dzifunseni kuti mafuta omaliza munathira kuti. Funso limeneli ndimafunsa aliyense, ndipo ena amayankha akuyang'ana pansi. Nthawi ya kusowa kwa mafuta tonse timagula a m'zigubu, ndipo m'chigubu mumalowa madzi, fumbi, mwinanso palafini. Petulo wathu kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka madzi, choncho petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino sachedwa kuonongeka. Chinanso ndi chizolowezi choyenda nyali ya mafuta ili chiyakire. Pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo. Thanki ikamakhala youma masiku onse pampu imatentha, imafooka, kenaka mafuta safika ku mainjekita ndi mphamvu yokwanira.

Kenaka batire. Injini itazima, mita yoyezera magetsi ionetse pafupifupi 12.4 mpaka 12.6 volts, ikamalira, pakati pa 13.5 ndi 14.5. Batire yofooka kapena matemino a dzimbiri zimasokoneza kompyuta mpaka kumanamizira zipangizo zabwinobwino. Mukadali pa boneti pomwepo, tsatirani mawaya opita ku mainjekita ndi ku makoilo, tizipangizo topereka moto ku mapulagi. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe ya chimanga kapena yokhalitsa osayenda, makoswe amaidyera mawaya. Onaninso paipi yakuda yochokera ku filita ya mpweya ngati sinang'ambike m'makwinya mwake.

Tsopano kuwerenga khodi, nambala imene kompyuta ya galimoto imasunga ikaona vuto, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16, yotchedwa OBD-II. Pa Renault zina imabisika pakati, pafupi ndi giya. Kachipangizo kotsika mtengo ka ELM327 kamalowa pamenepo n'kumalankhula ndi foni kudzera pa Bluetooth, pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati Torque. Magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan amakana kulankhula ndi kachipangizoka. Zikatero pitani kwa amene ali ndi makina akuluakulu a diagnosis. Koma chonde, kaya ndinu nokha kaya ndi makaniko, lembani khodiyo papepala kapena ijambuleni pafoni musanaifufute. Pali anzathu ena amene amangolumikiza makina, kufufuta, nyali n'kuzima, inu n'kulipira mukusekerera. Mawa lake nyali yabweranso, umboni unatayidwa kale. Pa chifukwa chomwecho, musachotse batire n'cholinga chozimitsa nyali.

Makhodi amene ndimakumana nawo kawirikawiri ndi awa. P0201 mpaka P0204 amanena za magetsi opita ku injekita, nambala yomaliza ndiyo silinda yake. P0301 mpaka P0304 ndi silinda yosawotcha bwino, pomwe P0300 ndi kudumphadumpha kosasankha silinda. P0171 ndiye kuti mpweya wachuluka, mafuta achepa. P0172 ndi mafuta ochuluka, ndipo mumaona utsi wakuda ndi fungo la petulo ku ekisozi. P0087 ndi mphamvu ya mafuta yotsika. P0101 ndi sensa yoyeza mpweya, P0335 ndi sensa ya crankshaft, yoyeza kuzungulira kwa injini, P0401 ndi EGR, vavu yobwezera utsi wina mu injini, yotsekeka ndi mwaye.

Khodi imangoloza dera, sitchula chipangizo choti mugule. Titenge P0302 pa galimoto ya petulo. Chotsani koilo ya silinda yachiwiri, muisinthanitse ndi ya silinda yachitatu, fufutani khodi imene mwalemba kale ija, yendani pang'ono. Khodi ikasanduka P0303, vuto latsatira koilo, nkhani yatha. Ikakhalabe P0302, chitani chimodzimodzi ndi pulagi. Zonsezi zikakhala zabwino, m'pamene timayang'ana injekita. Gunditsani nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, chogwirira chake mutsamiritse kukhutu, injini ikulira: yamoyo imamveka kuti tiki-tiki-tiki mosadukiza. Yomwe ili chete, zimitsani injini, muizule pulagi yake ya magetsi n'kuyeza ndi mita. Mainjekita ambiri a petulo amaonetsa pakati pa 12 ndi 16 ohms, koma chofunika kwambiri n'chakuti onse anayi afanane. Imodzi ikasiyana kutali ndi inzake, mwaipeza. Ikafanana nazo koma osagunda, vuto likhoza kukhala mu waya.

P0171 imapusitsa ambiri. Kawirikawiri ndi mpweya wolowera pobowoka, sensa ya mpweya yodzaza fumbi la m'chilimwe, kapena filita ya mafuta yotsekeka. Sensayo itsukeni ndi mankhwala ake opopera, osaikhudza ndi chala kapena nsanza, chifukwa kawaya ka m'kati mwake n'kosachedwa kuduka.

Dizilo ndi nkhani ina, ndipo apa ndikuchenjezeni mwamphamvu. Injini za common rail, zimene mainjekita onse amalandira dizilo kuchokera mu paipi imodzi, monga 1.5 dCi ya Renault yomwe ilinso mu Nissan NP200, kapena D-4D ya Toyota Hilux, zimapopa mafuta pa mphamvu yopitirira 1,000 bar, pomwe ya petulo wamba ndi pafupifupi 3 bar basi. Dizilo wotuluka pa mphamvu imeneyo amaboola khungu. Musamasule paipi ya injekita injini ikulira monga tinkachitira ndi malole akale, ndipo musafufuze podontha ndi dzanja. Zimene mungachite nokha ndi kukhetsa madzi pansi pa filita ya dizilo, kusintha filitayo, ndi kuona ngati mu paipi yoonekera m'kati simukuyenda thovu la mpweya. Potsegula filita yakale, yang'anani ngati mulibe tizitsulo tonyezimira. Tikakhalamo, pampu yaikulu yayamba kudyeka, ndipo mainjekita atsopano mukawaika osatsuka thanki ndi mapaipi afanso posachedwa.

Mainjekita a dizilo timawayesa poona kuchuluka kwa mafuta amene iliyonse ikubweza, pogwiritsa ntchito timabotolo tinayi tolumikizidwa ku mapaipi obwezera. Imene yadzaza botolo msanga kuposa zinzake ndiyo yotha. Uzani makaniko akuonetseni timabotoloto ndi maso anu musanatulutse ndalama. Ndipo injekita yatsopano ya common rail imabwera ndi nambala yake yolembedwa pamwamba, imene iyenera kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto ndi makina a diagnosis. Akangoimanga osailowetsa nambalayo, injini imagogoda, imafuka utsi, ndipo uthenga uja umabweranso.