Momwe mungadzutsire boti lakale kuti liziyendanso m'mbali mwa nyanja ya Malawi

Aliyense amene anayendapo m'magombe a Mangochi, Monkey Bay, Senga Bay kapena Nkhata Bay anaonapo maboti a faiba atagonekedwa pansi pa mitengo, penti itasuluka ndi dzuwa, m'kati mutadzaza masamba ndi madzi a mvula. Ambiri mwa maboti amenewa angathe kubwereranso pamadzi, koma ogula ambiri amathamangira kukafuna injini asanalione bwino thupi la botilo. Injini ndiyo imadya ndalama zochuluka pa ntchito yonseyi, choncho iyenera kubwera pomalizira, mwini wake atatsimikiza kuti pali polimba poimangirira.

Yambani ndi kutsuka botilo, kulikhazika pa matayala akale kapena pa mitengo, ndi kutsegula kabowo kotulutsira madzi kam'munsi kumbuyo. Ngati madzi akutulukabe kwa nthawi yaitali pamene pansi pakuoneka pouma, dziwani kuti alipo ena amene abisala kunsi kwa matabwa opondapo, ndipo boti lotero limalemera kuposa momwe linapangidwira. Lisiyeni liume kwa milungu ingapo. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yabwino pa ntchito imeneyi chifukwa mvula imakhala isanayambe.

Malo ofunika kuwafufuza mosathamanga ndi khoma lakumbuyo pamene pamakhala injini, limene amisiri amalitcha transom. M'maboti ambiri a faiba, m'kati mwa khoma limeneli muli pulayiwudi, ndipo madzi akalowa kudzera m'mabowo a mabawuti, thabwalo limawola mwakachetechete kunja kukuoneka bwinobwino. Tengani hamala yaing'ono ndi kugogoda khoma lonse pang'onopang'ono. Polimba pamalira mokweza ngati mukugogoda chitseko cha mlombwa, koma powola pamamveka phuphuphu ngati mukumenya dzungu. Masulani bawuti imodzi ndi kupisa waya m'bowomo: waya akatuluka ndi tizidutswa takuda tonyowa, thabwalo latha. Ngati injini yakale ikadali pomwepo, ipendeketseni ndi kuigwedeza mwamphamvu uku mukuyang'ana khomalo, chifukwa likamapindika kapena ming'alu ikamatseguka m'makona, palibe injini imene iyenera kumangidwapo. Musavomere mmisiri amene akufuna kungophimba ndi chitsulo kunja. Thabwa lowolalo liyenera kuchotsedwa lonse kuchokera m'kati, n'kuikamo pulayiwudi wina wosalowa madzi, ndi kumuphimba ndi faiba kufikira m'mbali ndi pansi pa boti. Gogodaninso chimodzimodzi mitanda yoyenda m'litali kunsi kwa matabwa opondapo, popeza ndiyo imanyamula msana wa boti likamawombana ndi mafunde.

Mukathana ndi zimenezo, tembenuzani botilo ndi kuyang'ana kunsi kwake, makamaka pamsana pamene pamakhulika likamakokedwa pamchenga. Pa mng'alu uliwonse palani ndi galainda mopendekera, kuti malo opalidwawo atambalale pafupifupi ka 12 kuposa kukhuthala kwa faibayo, kenako yalani nsalu ya faiba mosanjikiza, iliyonse mutainyowetsa ndi rezini, guluu wamadzi amene amauma n'kulimbitsa faiba, mpaka pasatsale thovu loyera. Rezini wa polyester amafuna mankhwala oumitsira ochepa kwambiri, gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100, ndipo m'nyengo yotentha ya kunyanja amauma msanga, kotero sakanizani pang'onopang'ono, m'mawa ndiponso pamthunzi. Valani chophimba pamphuno ndi magalasi popala, chifukwa fumbi la faiba limayabwa pakhungu ndipo ndi loipa m'mapapo. Penti ibwere pambuyo pa zonsezi. Ngati boti lanu ndi la matabwa, njira yake ndi yomweyo ya kufufuza ndi kusintha chowola, kungoti mipata imatsekedwa ndi thonje ndi phula.

Tsopano nkhani ya injini. Maboti ambiri opangidwa kufakitale amakhala ndi kachitsulo kolembedwa mphamvu imene sayenera kupyola ndi katundu amene anganyamule, ndipo malire amenewo ndi oyenera kuwalemekeza ngakhale mnzanu atakuuzani kuti boti likhoza kupirira. Yezani kutalika kwa khoma lakumbuyo kuchokera pamwamba kufika pansi penipeni: likakhala la masentimita pafupifupi 38 limafuna injini ya mwendo waufupi, likakhala la 51 limafuna ya mwendo wautali. Ikamangidwa, kambale kopyapyala kamene kali pamwamba pa pulopela kalingane ndi kunsi kwa boti. Kakakwera kwambiri, pulopela imameza mpweya ndi kungolira popanda kukankha, ndipo kakatsika kwambiri mafuta amapita pachabe.

Pa nyanja yathu asodzi ambiri amadalira injini za Yamaha Enduro za mahosipawa 15, 25 kapena 40, zosakaniza petulo ndi oyilo. Injini za four-stroke, zimene sizisakaniza petulo ndi oyilo, zimasunga mafuta ndipo sizisokosa, koma zimalemera, ndipo boti lakale likhoza kukhala pansi kumbuyo. Ine ndimaona kuti kwa munthu amene akufuna kumagona m'madoko a kutali ndi tauni, injini yabwino ndi imene makanika wa padoko amaidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka. Pa zosakanizazo tsatirani buku la injiniyo. Zambiri zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza theka la lita pa thanki ya malita 25, ndipo yatsopano imafuna oyilo wochulukirapo m'maola ake oyamba.

Ngati mukugula yogwirapo kale ntchito, musailipire isanalire m'madzi, kaya m'mgolo. Onetsetsani kuti kamtsinje ka madzi oziziritsa kakutuluka mwamphamvu, makanika ayeze mphamvu ya masilinda kuti asasiyane kwambiri, ndipo masulani kabawuti kam'munsi ka giya kuti muone oyilo. Akatuluka woyera ngati mkaka, madzi akulowa. Nthawi zambiri choyambitsa ndi ulusi wa ukonde kapena wa mbedza umene unakulungika kuseri kwa pulopela n'kudula labala yotsekera, choncho chotsani pulopela ndi kuyang'ana pamenepo. Impela, kalabala kokoka madzi oziziritsa, musinthe ngakhale wogulitsa anene kuti n'katsopano, chifukwa mchenga wa m'magombe umakadya msanga. Injini yochokera kunyanja ya mchere, monga ku Beira kapena Durban, iyang'aneni mwapadera chifukwa mabawuti ake amakhala atagwirana ndi dzimbiri.

Thanki yakale, mapaipi a mafuta ndi kampira kopopera musinthe zonse, ndipo muike sefa yolekanitsa madzi ndi petulo, popeza mafuta ogula m'zigubu amabwera ndi zinyalala. Batire likhale m'bokosi lomangidwa, kutali ndi thanki.

Musanayambe maulendo, pitani ku ofesi ya boma yoona za maulendo a pamadzi kuti mudziwe zofunika pa kulembetsa ndi kuyezetsa boti, makamaka ngati mudzanyamula anthu olipira. M'botimo musasowe jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, nangula ndi chingwe chachitali, nkhafi ziwiri, chokapira madzi, tochi, chozimitsira moto, mapulagi apadera ndi foni yokulungidwa m'pulasitiki.

Kuyesa koyamba kuchitike m'mawa nyanja ili bata, pafupi ndi gombe, muli anthu awiri, ndipo chingwe chozimitsira injini chikhale chomangidwa padzanja la woyendetsa. Likhazikeni botilo pamadzi kwa ola lathunthu musanalize injini, muone ngati likuchucha. Kenako yendani ola limodzi pa liwiro limene mudzayendere masiku onse ndi kuyeza mafuta amene apita, chifukwa chiwerengero chimenecho ndicho mudzakonzere ulendo uliwonse: gawo limodzi mwa atatu la mafuta lopitira, lina lobwerera, lachitatu losunga. Kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, mwera umawomba kuchokera kummwera chakuvuma ndipo umautsa mafunde aakulu m'kanthawi kochepa, pamene m'dzinja mumabwera mpoto ndi anamondwe a mvula. Funsani asodzi a padoko za miyala yobisika ndi malo otchera maukonde, ndipo samalani ndi mvuu m'mathiriro a mitsinje. Ulendo woyamba ukhale waufupi, monga wochoka ku Monkey Bay kuzungulira ku Cape Maclear, mutauza wina wapamtunda nthawi imene mukuyembekeza kukocheza ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear komweko.